Njira ya Kudambo

"Ukafika pa Kasuntha utsike, uzikankha. Wamva? Chitunda chija sichiona nkhope."

Vitus anali atawerama, akumangirira thumba lachiwiri la mtedza pa kaliyala ndi zingwe za chubu. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ndamva, akazanga."

"Akazako ndani? Ine ndikunena zoona. Mabulekiwo akulira ngati kamwana ka mbuzi. Ndiponso usabwere kutada, anthu akulanda njinga masiku ano. Kachasu wa kumsika usalawe."

"Nditsike, ndisachedwe, ndisalawe. Nanga kupuma mwandilola?"

Anaseka, analiza belu kawiri monga ankachitira masiku onse, n'kupalasa kutuluka pabwalo. Agogo Natembo anamuperekeza mdzukulu wawoyo ndi maso mpaka anabisika kuseri kwa chigafa cha fodya. Linali Lachisanu m'mawa. Dzuwa lisanafike paliwombo, amuna awiri analowa pabwalo zipewa zili m'manja, ndipo agogo anayamba kulira anthuwo asanatsegule pakamwa.

Anamuika Lamulungu. Lolemba, atatha kumeta, anthu anabalalika, pakhomo n'kutsala anthu atatu ndi khanda: agogo, Consolata mkazi wa malemuyo ali ndi Esitele kumbuyo, ndi a Goliati, mwana wa agogo yekhayo wotsala, amene anabwera kuchokera ku esiteti ya fodya kufupi ndi malire.

Njinga inali itayedzamira nkhokwe, gudumu lakutsogolo litapindika ngati lichero lakale. A Goliati ananjuta pambali pake, akugwiragwira masipoko.

"Felemu ili bwino," anatero. "Ndi rimu yokha."

"Isiye imeneyo," anatero agogo ali pamphasa. "Yalawa magazi. Ikaponyeni m'chimbudzi chakale, mukwirire."

"Amayi, njinga saponya m'chimbudzi. Ine ku esiteti ndimayenda wapansi ngati galu. Ndiikonza, ndipita nayo."

Consolata anasuntha mwana kumbuyo, maso ali pansi. "Nanga agogo Lachinayi, amalume?"

Aliyense ankadziwa za Lachinayi. Kwa zaka zitatu, Lachinayi loyamba la mwezi, Vitus ankawanyamula agogo pa kaliyala kupita nawo kuchipatala cha mishoni kukatenga mapiritsi a kuthamanga kwa magazi. Adokotala anawauza mosabisa kuti akadzangosiya kumwa, adzafa ziwalo mbali imodzi. Agogo sankatha kuwerenga buku lawo la kuchipatala. Tsiku ankawakumbutsa ndi Vitus, mwana amene anamulera okha mayi ake atapita ndi matenda aja amene anatha anthu. Tsopano m'kapepala kamene anamanga pamfundo ya chitenje munatsala mapiritsi anayi.

"Inuyo make Esitele simupalasa?" anafunsa a Goliati.

"Sindinaphunzire. Komanso akwathu anena kuti adzanditenga mwezi ukatha."

"Ndiye njinga itsalire ndani? Izidyedwa ndi dzimbiri?"

"Ine sindikulimbirana njinga, amalume. Ndikufunsa za agogo."

"Lachinayi ili ndiwanyamula ndine. Loweruka ndibwerere, fodya tili posankha, bwana sadziwa maliro."

"Mwezi wa mawa?"

A Goliati anapukuta manja pa buluku. "Mulungu alipo."

Agogo anafuna kunena kanthu, koma sanapeze woti amuchenjeze. Moyo wawo wonse ankaona tsoka likadali kutali: mphezi m'kamtambo, njoka m'mulu wa nkhuni, chitsime chosavindikira. Ankanena, anthu n'kumaseka. Ili analiona, analinena, ndipo linabwerabe. Anayang'ana miyendo yawo yotupa, n'kuyang'ana njinga ija. Chinthu chimene chinapha mdzukulu wawo ndi chomwenso chinkawasunga ndi moyo.

Lachinayi kutacha, njinga inali itaima pabwalo ndi rimu yobwereka. Consolata anatulutsa kakhushoni kamene Vitus anasoka yekha, siponji yokulungidwa m'chitenje cha chipani chimene anapatsidwa pa kampeni, n'kukamangirira pa kaliyala.

"Mwachedwa kunyamuka," anatero agogo. "Ndi Vitus tinkachoka tambala atangolira kachiwiri. Tikapeza zenera la mankhwala atatseka."

"Kwerani, amayi."

"Usathamange. Ukaona ng'ombe uime. Mwendo wa bulukuwo upinde, ukodwa m'tcheni."

Anadutsa minda ya chimanga chouma, mikukwe ili mbwee, anadutsa tchalitchi ndi mjigo. Kunkazizira, fumbi la Juni likulowa m'mano. Pamphambano ya pachigayo, a Goliati anakhotera kumanzere.

Agogo anawamenya pamsana. "Walakwa! Kuchipatala n'kumanja, kudambo."

"Kudambo kukatani?"

"Ndiyo njira yake. Kudambo, kenako kamlatho ka mitengo, kenako m'mabulugamu a esiteti, mpaka kutulukira kuseri kwa chipatala. Uku n'kwa Kasuntha, kumsika. Ine uko sindiponda."

A Goliati anaika phazi pansi, n'kucheuka. "Amayi, msika ndi chipatala zili pamsewu umodzi. Uku ndi ola limodzi basi. Kudambo n'kozungulira, maola atatu, mchenga wokhawokha. Ndani amadzera kumeneko?"

"Zaka zitatu ndakhala ndikudzera kumeneko. Vitus amati ndiyo yachidule."

"Yachidule?" A Goliati anayamba kuseka, koma analekeza panjira. Anayang'ana kumanja, kumene kanjira kanatsikira m'mauzu, anayang'ananso amayi awo. "Mwezi ndi mwezi? Ndi dzinja lomwe?"

"Dzinja ankandibereka powoloka, n'kubwerera kukatenga njinga."

A Goliati anapalasa kulowera kumanzere, ndipo agogo anagwira chishalo ndi manja onse awiri.

Kasuntha agogo ankangomudziwa ndi maliro: mnyamata wa makala, mphunzitsi uja wa kwa Zulu, mayi wa tomato. Phazi lawo linali lisanapondepo. Msewu unakwera, unatsika pang'ono, unakweranso, a Goliati akupuma ngati ng'ombe ya pangolo, mpaka anatsika n'kumakankha. Agogo ali pakhushoni paja anakumbukira mmene ankamukalipira Vitus akafika kuchipatala n'kupeza mzere wafika pamtengo wa mango. "Ulesi! Umapalasa ngati nkhalamba. Anzako abwera kalekale." Malaya ake atanyowa mpaka m'chiuno, iye ankangoti, "Akazanga mwanenepa, ndiye vuto."

Pamwamba pa chitunda dziko linatseguka. Zitunda zinagona motsatana mpaka kumapiri a kumalire, minda ya mtedza yokumbidwa kumene, utsi wa m'midzi, ngolo ikuyenda pang'onopang'ono ngati nyerere. Ndipo m'munsi momwemo, pafupi zoti munthu akhoza kuitana, malata a chipatala ankanyezimira.

"Ndi chimenecho?" anafunsa agogo.

"Ndi chimenecho."

Kutsogolo kwawo msewu unagwera pansi, wofiira, wokumbika ndi madzi, n'kukhota mwadzidzidzi pakalavati.

"Nditsitse. Nawenso usakwere. Uzikankha."

A Goliati anawatsitsa osatsutsa. Anatsetsereka wapansi, agogo atagwira kaliyala, akukoka miyendo, njinga ikufuna kuwathawa ngakhale inalibe katundu. Panjinga ina panadutsa bambo atanyamula mabelo, phazi ataliponda patayala, fumbi lili kobo. Agogo anatsegula pakamwa kuti amukuwire, koma anali atapita kale.

Pakalavati a Goliati anaima.

"Ndi pano. Amene anaona akuti waya wa buleki unaduka ali pakati pa mtsetse. Matumba awiri kumbuyo, njinga inangouluka. Anayesa kuponda tayala, patapata inaduka. Mutu unafikira apa." Analoza ngodya ya simenti. "Akuti ankaliza belu njira yonse, kuti ana amene ankapita kusukulu apatuke."

Agogo anagwada movutikira. Mtedza wambiri anthu anali atatola, koma m'miyala ya m'ngalande munatsalira wina, makoko atayera ndi fumbi. Anatola umodzi, wina, winanso, akupukuta uliwonse ndi chala. Yekha ankadzera pano, mwana uja, n'kumafika kunyumba dzuwa likadalipo monga anamuuzira. Koma tsiku lililonse limene iwo anali kumbuyo kwake, chenjezo lawo ankalimvera lonse, maola atatu kupita, maola atatu kubwerera, osawauza.

"Amayi, tiyeni. Zenera atseka."

"Pobwerera tidzere kudambo."

A Goliati anayang'ana dzuwa, anayang'ana mawondo awo amene ankanjenjemerabe ndi chitunda chija.

"Sindingathe, amayi," anatero motsitsa mawu. "Ine sindingathe."

Agogo anagwedeza mutu. Anamasula mfundo ya chitenje chawo, mmene munali piritsi limodzi lotsala, anaikamo mtedza uja, n'kumanganso mfundoyo kawiri.