Mwala Umene Unachita Ng'ala

Moni kwa inu okondedwa amene mwapatula kanthawi kuti muwerenge nkhaniyi. Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene watisunga ndi mpweya mpaka lero, ndipo nanunso zikomo pondibwereka makutu anu.

Panali mayi wina amene anthu a mumsewu mwawo ankangowatchula kuti Mayi a Miyala. Ntchito yawo inali yopanga miyala yonyezimira yosokerera pa zovala za zisudzo, pa madiresi a ovina ndi pa zipewa zachifumu za ana asukulu. Ankaipangira m'kachipinda kakuseri kwa nyumba, pa thebulo lodzaza madontho a utoto. Ankasakaniza utomoni wa m'botolo ndi mankhwala ake oumitsa, n'kumatakasa pang'onopang'ono ndi kamtengo kuti pasachite thovu. Akadonthezamo utoto ankathira m'tizikombole tofewa, n'kuvundikira ndi katoni kuopa fumbi. Mawa lake, mwala usanalimbiretu, ankaubaya ndi singano katatu kunsi kwake, kuti aliyense woutembenuza adziwe kuti ndi wopanga. Ankakonda kunena kuti, "Ine ndimagulitsa kukongola, bodza sindigulitsa."

Mayiwa anali ndi mlongo wawo wamng'ono, wogulitsa magalimoto akale, amene anthu anamupatsa dzina loti Tayi chifukwa ankamanga tayi ngakhale pokataya zinyalala. Anamulera ndi iwo, pakuti mayi awo ankakhalira kuchapa zovala za eni. Tsopano anali pafupi kukwatira namwino wina wa kuchipatala, mtsikana wofatsa, wa manja osuwa ndi mankhwala.

Loweruka lina m'mawa Tayi anamubweretsa namwinoyo kudzasankha miyala ya pa madiresi a operekeza mkwati. Tayiyo anatsala m'galimoto, akubwebweta pafoni. Namwino atalowa m'kachipinda muja sanayang'ane n'komwe miyalayo. Anatseka chitseko, n'kuvula mphete yake.

"Alamu, musandiseke," anatero motsitsa mawu. "Inu ndinu odziwa miyala. Taonani wangawu. Wachita ng'ala ngati diso la nkhalamba, ndipo ukumata. Kuntchito timasamba m'manja ndi sipiriti tsiku lonse, ndiye ndinati ndiupukute ndi sipiriti yemweyo, koma ndiye ukungoipiraipira."

Mayi a Miyala anapita nayo mpheteyo pawindo. Iwo ankadziwa bwino kuti mwala wokumba pansi sipiriti saunyenya, koma utomoni ndiye amaudya. Kufiira kwake nakonso anakuzindikira: kunali kofiira kothira kadontho kamodzi ka utoto wa pepo, kasakanizidwe kawokawo. Anaitembenuza mphete, n'kusuzumira pa kabowo ka kunsi. Panali mikwingwirima ya sandipepa. Timadontho tiwiri ta singano tija tinali titafufutidwa, koma kachitatu kanatsala, kakuoneka patalipatali.

"Tayi anakuuzani kuti ndi mwala wanji umenewu?"

"Akuti ndi weniweni, wa malemu amayi anu. Akuti ankausunga pa mfundo ya mpango, ndipo tsiku lomwalira anawagwira a Tayi dzanja n'kuwauza kuti adzapatse mkazi amene adzawakonde. Alamu, lero ndi tsiku lachitatu chakudya sichikulowa. Ndikawauza bwanji kuti ndawononga chinthu cha amayi awo?"

Magazi a Mayi a Miyala anawira mpaka m'makutu. Mayi awo aja anachapira anthu zovala mpaka zala zinang'ambika, ndipo pa zala zimenezo sipanakhalepo mphete. Anasiya beseni lobooka ndi buku la nyimbo lothothoka chikuto, basi. Tsiku lomwalira, amene anagwira dzanja la malemuwo anali Mayi a Miyala okha. Tayi anafika thupi litazizira kale.

"Alamu, tandithandizani, kaikeni madzi a tiyi pamoto," anatero Mayi a Miyala. Namwino atangotuluka, anakankha windo. "Iwe Tayi! Tsika m'chigalimoto chakocho ubwere kuno!"

Tayi analowa akukonza tayi wake, akumwetulira. Ataona mphete pathebulo, kumwetulira kuja kunauma.

"Ichi n'chiyani?"

"Achemwali, tsitsani mawu."

"Nditsitse mawu m'nyumba mwanga? Unabwera muno kudzamwa tiyi, n'kutuluka ndi mwala wanga m'thumba. Ine ndinafufuza pansi pa thebulo ndili chogwada, kuganiza kuti ndakalamba, ndataya ndekha."

"Aa, kamwala kamodzi? Mumapanga zikwizikwi inu. Ingopangani kena muikemo, nkhani ithe. Ukwati ukadutsa ndidzagula weniweni, ndidzasintha mwakachetechete. Iyeyu sadziwa kusiyanitsa."

"Tamverani pakamwa pakepo! Ukuyesa mkazi ndi galimoto zako zija umazipaka utoto pa dzimbiri? Ukanangoba mwala, ndikanati ndi umphawi. Ukanamupatsa n'kunena kuti uwu apanga achemwali anga, ndikanakupangira khumi, ena a m'makutu. Koma iwe unakhala pansi ndi sandipepa, tayi ali pakhosi, kufufuta chizindikiro changa kuti manja angawa akunamizire. Izo sizinakukwane. Wakadzutsa amayi kumanda kuti adzakuchitire umboni. Amayi amene sankalola ngakhale kubisa sopo wotsala wa eni zovala!"

"Ndinkangofuna andione ngati munthu wochokera penapake."

"Unachokera m'beseni la amayi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Chochititsa manyazi ndi iwe. Uja wa m'Malemba anavala zikopa za mbuzi kuti anamize bambo ake osaona, anathawa kwawo zaka makumi awiri. Iwe ukufuna ukaime pamaso pa Mulungu, ulumbire, bodza lili pa chala cha mwana wa eni? Ndithu m'mimba ndi m'chipala."

Nkhope ya Tayi inasintha. Anatsamira thebulo, n'kulankhula ndi mawu ozizira.

"Mukangotsegula pakamwa, ukwati watha. Ukatha, mudziwe kuti mlongo mulibe. Sankhani."

Mawu amenewo anawabaya Mayi a Miyala. Uyu anali mwana amene anamubereka kumsana, amene anamuchezera ali ndi chikuku. Kupanga mwala wina inali ntchito ya tsiku limodzi, ndipo palibe akanadziwa. Anayang'ana mabotolo a utomoni pashelefu, mtima ukukokana. Kukhitchini makapu ankagundana. Mtsikana amene sanadye masiku atatu chifukwa cha mlandu wosakhala wake anali akuwakonzera tiyi.

"Akalowa umuuze wekha," anatero. "Ndikukupatsa mwayi umenewo chifukwa ndiwe magazi anga. Ukapanda kunena, ndinena ine."

Namwino analowa ndi thireyi. Anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. Kumwetulira kwa Tayi kuja kunabwereranso ngati wayatsa magetsi.

"Wokondedwa, usadandaule. Achemwali akuti ndi litsiro chabe. Miyala yakale imatero. Usiye mpheteyo, mawa udzaipeza ikuwala."

Mayi a Miyala anatembenukira ku thebulo. Anakoka dirowa ya thebulo mwamphamvu mpaka inatulukiratu, n'kukhuthulira zonse pa nsalu yoyera imene inali pamenepo. Miyala yofiira inati mbwee, yoposa makumi anayi, yonse msinkhu umodzi, kufiira kumodzi, ina n'kugubudukira pansi. Anatola umodzi, n'kuuika pambali pa mphete.

"Alamu, mwala wanuwo ndi mnzawo wa awa. Ndinaupanga ine pa thebulo lino, ndi utomoni. N'chifukwa chake sipiriti waudya. Simunawononge kanthu. Amayi athu analibe mwala, ndipo sanamusiyire mawu alionse, pakuti tsiku limenelo iye kunalibe."

Namwino anaika thireyi pansi mosamala, osataya ngakhale dontho. Anatakasa miyala ija ndi chala. Kenako anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Masiku atatu ndakhala ndikupepesa kwa munthu wakufa."

"Tamvera, ndikufotokozere," anayamba Tayi.

"Kodi ndinakupempha mwala ine? Ukanandimanga ulusi pa chala ndikanavala. Koma tsiku lija unkandiuza za amayi ako, misozi ikutsika mpaka kunyowetsa tayi, ine n'kulira nawe. Tandiuza, misozi ijanso anakupangira achemwali ako?"

Namwino anatenga chikwama chake, n'kugwira Mayi a Miyala dzanja.

"Zandipweteka, mayi, koma zikomo. Za madiresi zija musavutike nazo."

Sanawatchulenso kuti alamu. Tayi anamuthamangira kuti amuperekeze pa galimoto, koma iye anangodutsa, n'kutsika msewu wapansi osacheuka. Tayi anabwerera pakhomo la kachipinda, maso ali psuu.

"Mwakondwa? Khalani ndi miyala yanuyo, yodzakuikani m'manda ndi imeneyo!"

"Pita! Ndipo dzina la amayi ulichotse m'kamwa mwako mpaka utatsukamo!"

Chitseko chinamenyetsedwa, fumbi n'kugwera m'tizikombole timene tinali tisanaume. Mayi a Miyala anagwada kuti atole miyala yogwa pansi, koma anangokhala chogwada pomwepo. Anayesa kuyamba nyimbo ya chitonthozo, mawu anakana. Chimene chinatuluka chinali chakuti, "Ambuye, ndakwiya. Sindikubisirani. Mwana uja ndimamukonda, ndipo ndikadamugwira bwenzi nditamupotokola khosi. Mundigwire ndinu."

Ukwati sunachitike. Tayi sanapondenso pakhomo paja mpaka lero, ndipo akakumana nawo mumsewu amawolokera tsidya lina. Achibale ena amati mayiwa anapasula banja la mlongo wawo chifukwa cha kamwala kachabechabe. Iwo akamva zimenezo mtima umawiranso, sayankha bwino. Koma m'mawa uliwonse, asanatsegule mabotolo awo, amamutchula Tayi pamaso pa Mulungu, nthawi zina mano ali okukuta.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu wa choonadi akudalitseni. Akupatseni mphamvu pa tsiku limene chilungamo chidzakudyereni m'bale, atonthoze mitima yanu ikapsa, ndipo abweze kwanu onse amene anachoka atakwiya. Mtendere wake ukhale pa nyumba zanu ndi pa ntchito za manja anu. Ameni.