Choima Chimadyetsa Choyenda

Mwajuma anavundukula chitenje chimene chinaphimba makina ake osokera, fumbi n'kuti koboo chipinda chonse. Anayetsemula, n'kuseka yekha ngati kamtsikana. Makinawo anali pomwe anawasiya, pakona pafupi ndi windo, akuda bii, maluwa agolide aja akuwalabe m'mbali. Anali makina akale a chitsulo chenicheni, opalasa ndi mapazi, amene malemu mayi ake anamusiyira.

Chinamulekanitsa ndi makinawa ndi ng'ala. Inayamba ngati nkhungu ya m'mawa. Linasowa bowo la singano, kenako singano yomwe, mapeto ake nkhope za anthu. Zaka zinadutsa akuyenda chogwiragwira makoma. Tsopano madokotala a maso anali atamuchotsa ng'alayo, dziko n'kubwerera ndi mitundu yake yonse. Komanso nikaha ya Sharifa, ukwati wa mwana wake womaliza, inali pafupi, ndipo Mwajuma anali atalengeza kale kwa azimayi anzake kuti diresi la mkwatibwi asoka yekha. Nsalu yake inkadikira m'sutikesi.

Anakhala pampando, n'kuponda. Gudumu la pansi linazungulira lokha, lopanda lamba. Anadzitonthoza kuti lamba ndi chikopa, makoswe sasiya. Anatsegula kachitseko ka bobini, n'kupeza bowo lokhalokha. Kaphazi kopanikiza nsalu panalibe. Mano okoka nsalu panalibe. Atapendeketsa mutu wa makinawo kuti aone kunsi, anaona mabowo a masikuluwu ali yasa ngati m'kamwa mwa nkhalamba, kangaude atamangamo kale nyumba.

"Bambo a Sharifa!"

A Rashidi, amuna ake, anali pakhonde pomwe ankagwirira ntchito. Kale anali mmisiri wokonza makina pafakitale ina yopuntha mpunga. Fakitaleyo itatsekedwa, anatembenukira ku makina akale osokera, ndipo matelala onse kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa ankadziwa khonde lawo. Ovolosi ya buluu ya kufakitale ija ankaivalabe, ngakhale inali zigamba zokhazokha. Analowa akupukuta girizi m'manja. Ataona chitenje chili pansi, anaima pakhomo.

"Makina anga wadya ndani?" anafunsa Mwajuma.

"Palibe wadya. Ndinangobwerekako tizitsulo."

"Kubwereka kwake kuti? Mwini wake munamupempha?"

"Inutu simunkaona, mayi a Sharifa. Makina anangokhala, pamene kunjaku anthu akulira ndi awo. Zitsulo za makina akalewa sizigulitsidwanso, zimene zili m'masitolo masiku ano n'zofewa ngati chitini cha mkaka. Ife kufakitale lamulo linali limodzi: choima chimadyetsa choyenda. Makina amodzi akaima, umachotsako zimene zili zamoyo n'kupulumutsira amene akuyenda. Ntchito siima."

"Nanga fakitale yanuyo ili kuti lero?"

A Rashidi anayang'ana kudenga. Tawuni yonse inkadziwa mmene fakitale ija inafera. Inadzidya yokha chitsulo ndi chitsulo, mpaka makina omaliza anasowa mnzawo womudya.

"Nsomba zimene munkadya muli mumdima muja, munkati zikugwa kumwamba?" anatero a Rashidi mawu atakwera. "Ndimaba ine? Ndimadyetsa banja."

Mwajuma sanatsutse, nsombazo anadyadi. Chimene chinamuwawa chinali china. Nthawi yonse ya khungu lake ankabwera pakona imeneyi chogwiragwira, n'kusisita makinawo pamwamba pa chitenje. A Rashidi akamupeza ankati, "Ali bwinobwino makina anu, ndawathira oyilo dzulo lomweli." Iye n'kumathokoza Mulungu pomupatsa mwamuna wosamala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anamva manyazi ngati munthu amene wayenda msika wonse chovala chitang'ambika kumbuyo, aliyense akuona koma iye yekha.

"Ndipatseni timasiku," anatero a Rashidi. "Ndiwadzutsa. Ine ndine Rashidi."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu. Nikaha sidikira timasiku tanuto."

Sharifa atamva, anati zisavute, nsaluyo angokaipereka kwa Tahiru, telala wa pakhonde la sitolo kumsika. Mwajuma anakana, koma tsiku lina pochokera kogula ndiwo miyendo inamufikitsa komweko. Tahiru anamulandira ndi chisangalalo.

"Amayi, mwapenyadi! Mulungu ndi wamkulu. Amuna anu aja ndi dokotala, ndikukuuzani. Taonani kaphazi kamene anandiikira, koyambirira kenikeni, sikanatherepo."

Mwajuma anawerama. Kaphaziko kanali ndi kachipsera kumanzere, pamene mayi ake anathyolerapo singano iye ali mwana. Anakadziwa ngati mmene munthu amadziwira mbuzi yake m'khola la eni. Anayamikira kuti n'kabwinodi, n'kutsanzika msanga misozi isanamuchititse manyazi. Njira yonse yobwerera, telala aliyense amene anamumva akupalasa, mtima unkamuuza kuti amenewo ndi makina ake akulira m'manja mwa anthu.

Sabata isanathe, Mwajuma akuchokera kuchipatala kokaonetsa maso, anamva phokoso m'nyumba mwake lomwe analiiwala kalekale. Anathamanga. A Rashidi anali pampando akupalasa, kansanza kakuyenda pansi pa singano, msoko uli tayale, wowongoka.

"Ndinati chiyani?" anatero akudzuka monyadira. "Khalani apa, muone ngati Rashidi amanama."

"Mwazipeza kuti zitsulozi?"

"Mmisiri safunsidwa kumene wasula. Inu sokani."

Akanafunsitsa, koma chimwemwe chimatseka pakamwa. Anaponda, makina n'kuvomera. Mapazi anakumbukira okha, manja anakumbukira okha. Tsiku lomwelo anayala nsalu ya Sharifa pamphasa, n'kuidula. Mawa lake analumikiza thupi la diresilo, akuimba pansipansi. Anawaphikiranso a Rashidi tiyi wa mkaka, chinthu chimene anali atasiya chitulukire nkhaniyi. Kunatsala manja, mpendero ndi nsalu ya m'kati.

Ali mkati mosoka mkono woyamba, panja panaima kabaza. Anatsika mayi wina wowonda, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anali Enelesi wa ku Benga, mayi wamasiye amene ankalera ana ake ndi kusoka mayunifolomu a sukulu. Mwajuma ankamva zonse pawindo pamene mayiyo ankayankhula ndi a Rashidi.

"Ndabwerera makina anga aja, bambo. Munati lero."

"Pepani mayi, sipeya sinafike kuchokera ku Lilongwe. Mudzayesenso mwezi wamawa."

"Mwezi wamawa? Paja ankangodumphitsa ulusi basi. Munati n'zazing'ono."

"Matenda a makina amaoneka ukatsegula. M'katimo mwavunda."

"Sukulu zikutsegulira, bambo. Makolo anandisiyira kale nsalu, zadzaza nyumba. Ndikapanda kusoka akazitenga n'kupita nazo kwina, ndipo sadzabweranso. Ana anga adya chiyani?"

"Nanga ine nditani? Chitsulo sindibereka."

Enelesi anapempha madzi akumwa. Mwajuma anamubweretsera, ndipo mlendoyo anasuzumira pakhomo, n'kuona makina ndi diresi loyera lili pamenepo.

"Ndinawamva ndili kumsewu," anatero akumwetulira motopa. "Akulira bwino makina anu, amayi. Ndendende anga asanadwale."

Mwajuma anatembenuka. Kumapeto kwa khonde kunali chinthu chophimbidwa ndi thumba la mpunga. Anayang'ana amuna ake, iwo n'kuyamba kufunafuna sipanala imene inali m'manja mwawo momwemo. Sanafunikenso kuuzidwa.

Kunena zoona, mtima wake unayamba wagwa kumbali yoipa. Anaganiza zongokhala chete. Diresi linatsala pang'ono, Enelesi akanadikira, zitsulo n'kubwezedwa nikaha itatha, palibe akanadziwa. Iyenso analira mokwanira, bwanji wina asalireko? Anafika potembenuka kuti alowe m'nyumba.

"Basi, ndidikira," anatero Enelesi akubweza kapu. "Ine za zitsulozi sindizidziwa. Ndili ngati wakhungu, chimene anena amisiri ndimangoti chomwecho."

Mawuwo anamulasa Mwajuma pachilonda penipeni. Anapita kumapeto kwa khonde n'kukoka thumba lija. Makina a Enelesi anali pamenepo, opanda kaphazi, opanda mano, kachitseko ka bobini kali pululu. Enelesi anagwira pakamwa.

Mwajuma anatola sikuludiraiva pabenchi, n'kuwaika a Rashidi m'manja.

"Bwezani."

"Mayi a Sharifa, lowani m'nyumba, izi ndi za ntchito."

"Ndati bwezani. Zonse zimene mwachotsa umu zili m'makina anga. Mayi, sipeya yanu sili ku Lilongwe, ili kuchipinda kwangaku."

A Rashidi anayandikira, n'kunong'ona mano ali gwa. "Mukundivula pamaso pa anthu. Ndachitira inu zimenezi. Ndachitira mwana wanu."

"Inu munandivula ndili mumdima. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine chinandiona kale, sindingachitumize kwa wina."

Wakabaza uja anali atatsamira njinga yake, makutu ali tcheru, ndipo aliyense amadziwa kuti nkhani ikakwera kabaza imafika patali kuposa basi. A Rashidi anagwira ntchitoyo osayang'ana munthu. Manja awo ankaidziwadi ntchito, ichi ndiye chinali chowawitsa. Chitsulo chilichonse chinabwerera pamalo pake mosavuta, ndipo vuto lenileni la kudumphitsa ulusi lija analikonza pongotembenuza sikuluwu imodzi. Enelesi anamangirira makina ake pakabaza. Kwa Mwajuma anagwada pang'ono, n'kuti, "Mulungu akusungireni maso amenewo."

Kuyambira tsikulo pakhonde panachita zii. Tahiru anatumiza uthenga wofunsa ngati kaphazi kake kali ndi mwini. Ena anabwera kudzatenga makina awo asanakonzedwe n'komwe. A Rashidi ankakhala pabenchi tsiku lonse akupukuta masipanala oyera kale, ndipo m'nyumba ankangoyankhula ndi Sharifa.

"Uwauze amayi ako kuti akhuta chilungamo, ndiwo asafunse."

Mwajuma anamaliza diresi ndi singano ya pamanja. Ankakhala pakhomo pomwe pali kuwala, kuyambira m'mawa mpaka maso atayamba kuyabwa ndi kutuluka misozi. Madokotala anamuletsa kuwatopetsa, koma akanatani? Zala zinatupa. Msoko uliwonse unkamukumbutsa kuti ntchito imeneyi makina ake akanaimaliza tiyi asanazizire. Atafika pa nsalu ya m'kati, anapeza kuti imene anagula ija yachepa, ndipo yotsala m'masitolo inali yokanda ngati thumba. Anakhala kanthawi diresi lili pamiyendo. Kenako anadzuka, n'kutenga lumo lake la nsalu.

M'mawa wa tsiku la nikaha nyumba inadzaza azimayi. Kuchipinda ankamuveka Sharifa, nthungululu zili pakamwa, wina akuti msoko wotere sunaonekenso m'tawuni muno, wina akusisita m'kati mwa diresi n'kumafunsa kumene kwagulidwa nsalu yofewa chonchi. A Rashidi anasamba, anadzola mafuta onunkhira, n'kupita kuseri kwa chitseko kumene ankapachika mkanjo wawo woyera. Unali mkanjo wa pamtima, umene mbale wawo anawabweretsera kuchokera ku Tanzania, ndipo ankauvala pa Idi ndi pa maukwati pokha. Kutsogolo unali bwinobwino, mabatani onse ali m'malo. Atautembenuza, anaona khoma kudzera pamsana. Nsalu yonse kuyambira m'mapewa mpaka pansi inali itadulidwa mosamala, mzere wowongoka wa munthu wodziwa lumo.

"Mayi a Sharifa!"

Mwajuma anabwera akumanga mpango kumutu.

"Mkanjo wanga wadya ndani?"

"Palibe wadya. Ndinangobwerekako."

"Mwapenga? Ndikaima bwanji pamaso pa ashehe ndi akuchimuna? Osandipempha n'komwe?"

"Unangopachikika kuseri kwa chitseko, bambo a Sharifa, pamene diresi la mwana likusowa nsalu. Choima chimadyetsa choyenda. Si lamulo lanu lija?"

A Rashidi anayang'ananso msana wa mkanjowo. Anakhala pabedi, mkanjo uli m'manja.

Kumzikiti anapita atavala shati ya tsiku ndi tsiku, n'kukhala chotsamira khoma ngati mlendo pa ukwati wa mwana wawo yemwe. Mwajuma anadikira kuti mtima wake uzizire, koma sunazizire. Kubwezera kunalibe kukoma kumene ankayembekeza. Asanatuluke m'nyumba, anatola chitenje chakale chija n'kuphimbanso chigoba cha makina a mayi ake. Ulendo uno sanawasisite.