Ndikuuza Ndikabwera

Kodi mwamuna amene wayendetsa lole ya matabwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, womangonyamuka ngati akupita kuseri kwa nyumba, angakhale akubisa chiyani tsiku limene waima pakhomo n'kutsanzika bwinobwino?

Funso limeneli linamudya Dyness masiku anayi, ndipo chimene chinalikulitsa chinali kope lake lomwe.

Dyness anali ndi saluni pa Jenda, kachipinda koyang'ana msewu waukulu, pakati pa golosale ndi mogulitsira zipangizo za njinga. Kuluka tsitsi ndi ntchito ya maola ambiri, choncho pakhoma panali kanema woonetsa mafilimu kuyambira m'mawa, magetsi akakhalapo. Wolukidwa amakhala chowerama, koma woluka amaona zonse. Pa zaka zisanu ndi chimodzi, Dyness ndi mlamu wake Maggie, mlongo wake wa Bennet, mwamuna wa Dynessyo, anaonera mafilimu ochuluka moti anayamba kudziwiratu zimene zichitike.

Zinayamba ngati macheza. Munthu m'filimu akatsokomola n'kuyang'ana pakansalu, Maggie ankakuwa kuti, "Kaguleni bokosi, ameneyu safika mawa!" Tsiku lina Dyness anatenga kope limene ankamatamo zithunzi za malukidwe, n'kulemba kumapeto kwake kuti: Chifuwa cha Maliro. Kenako panabwera Chipsera cha Mwana Wotayika, chimene mayi wolemera amachiona paphewa la wantchito wake. Panabwera Khutu Pachitseko, pamene munthu amamva theka la nkhani n'kuthawa akulira asanamve theka lofunikalo. Panabweranso Mbale Yogwa: mkazi ali kunyumba, mbale imangopulumuka m'manja mwake popanda chifukwa, ndipo woonera amadziwa kuti kutali kwachitika ngozi. Makasitomala ankathandiza kupereka mayina, nthawi zina mpaka kukangana. Pofika chaka chino mayinawo anali makumi anayi ndi limodzi, lililonse ndi nambala yake, ndipo Dyness ankanyadira kuti palibe filimu imene ingamudzidzimutse.

Lachitatu m'mawa Bennet analowa mu saluni. Chimenecho pachokha chinali chachilendo, chifukwa ankati fungo la mankhwala a tsitsi limamupweteketsa mutu. Mwachizolowezi ankakwera ndi lole kukapakira matabwa ku Chikangawa, ndipo Lachisanu masana ankadutsa pa Jenda kupita ku Lilongwe, n'kuliza hutala kawiri osaima. Kutsanzika kwake kunali kumeneko.

Tsikulo anaima pafupi ndi galasi lalikulu, pamene panapachikidwa chithunzi cha ukwati wawo. Anachitsitsa. Anachibweretsa pafupi ndi nkhope, kenako anachitalikitsa, n'kuchibweretsanso pafupi. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

Zala za Dyness zinaima pamutu pa kasitomala.

"Amake Esther," anatero Bennet, "ulendo uno ndi womaliza. Ndikakatula matabwawa ndikasiya makiyi. Tizikalima ku Manyamula."

"Womaliza bwanji, bambo a Esther? Mwayambana ndi abwana?"

"Ayi. Pali nkhani." Anayang'ana amayi awiri amene ankadikira pabenchi. "Ndikuuza ndikabwera."

"Ndiuzeni pompano."

"Pali anthu."

"Ndiye tiyeni panja."

"Lole ikudikira. Ndati ndikuuza ndikabwera." Anapachika chithunzicho mokhota, n'kutuluka. Atafika pamsewu anatembenuka n'kukweza dzanja.

Dyness sanafunike kutsegula kope. Nambala seveni: Kuyang'ana Chithunzi. Nambala khumi ndi ziwiri: Ulendo Womaliza, umene msilikali kapena dalaivala amaulengeza atatsala pang'ono kupuma pantchito. Nambala yachitatu, imene iye mwini anaipatsa dzina akuseka: Ndikuuza Ndikabwera. Pa mafilimu onse amene anaonera, panalibe ngakhale mmodzi amene ananena mawu amenewo n'kubwerako.

"Zitatu, mlamu," ananong'ona. "Pa mphindi zisanu zokha."

"Zinayi," anatero Maggie asanaganize. "Wakwezanso dzanja." Ataona nkhope ya Dyness anawonjezera msanga kuti, "Aa, mlamu, zimenezo ndi za m'kanema. Achimwene anga si wosewera. Ngakhale sewero la Khirisimasi kutchalitchi anawachotsa chifukwa choiwala mawu awiri."

Dyness anaseka pang'ono kuti amusangalatse. Anali munthu wa Mawu, wa m'chigwirizano cha amayi, ndipo ankadziwa bwino kuti moyo wa munthu sulembedwa ndi opanga mafilimu. Koma kudziwa kumeneko kunali m'mutu chabe.

Masana anaimba foni. Inaitana osayankhidwa. Lachinayi m'mawa inaitananso osayankhidwa, ndipo pofika madzulo inangoti munthuyo sakupezeka.

"Kunkhalango kulibe netiweki, mukudziwa," anatero Maggie.

"Nambala khumi ndi zisanu ndi zinayi," anayankha Dyness. "Foni Yosapezeka."

Zimene anachita usiku wake Dyness sanauze munthu, koma Lachisanu m'mawa Maggie anapeza zinthu zasintha mu saluni. Makapu a tiyi anali pansi, pakona. Mabotolo a mafuta a tsitsi anali pansi. Kagalasi kam'manja koonetsera makasitomala kumbuyo kwa mutu kanali kokulungidwa m'chitenje pansi pa benchi.

"Tikusamuka?"

"Ayi."

"Nanga zonsezi zatsika bwanji?"

Dyness anapitiriza kupesa meshi osayang'ana mlamu wake. "Chimene chili kale pansi sichingagwe."

Maggie anatsegula pakamwa kuti aseke, koma anabweza. Tsiku lonselo ndiye amene ankanyamula chilichonse chotha kusweka. Dyness anamwa tiyi wake atagwada, kapu ili pasimenti, ataigwira ndi manja awiri.

Cha m'ma leveni koloko analowa a NyaShaba, mayi wogulitsa chimanga amene ankayenda pakati pa Jenda ndi Mzuzu sabata iliyonse, ndipo nkhani za pamsewu ankazidziwa kuposa apolisi. Anakhala pampando, n'kumasula duku.

"A NyaTembo," anaitana Dyness ndi dzina la kwawo, "amuna anu asiya lole? Dzulo m'mawa ndawaona pa Chikangawa akukwera minibasi ya ku Mzuzu. Atavala malaya oyera, opisira. Ndawapatsa moni, mbwenu angondiyang'ana ngati sakundidziwa."

Chipeso chinatsala pang'ono kupulumuka m'manja mwa Dyness, koma anachigwira.

"Ku Mzuzu? Akukatani ku Mzuzu?"

"Ine ndingadziwe? Koma bwerani nalo kope lanulo." A NyaShaba anali mmodzi mwa opereka mayina, ndipo ankalidziwa ngati buku la nyimbo. "Inu mukuwerenga nambala zolakwika. Mwamuna wavala malaya oyera pakati pa sabata, foni wazimitsa, akunamizira kusadziwa anthu akwawo. Imeneyo ndi nambala twente-thuu. Nyumba Yachiwiri."

"A NyaShaba, amenewo ndi achimwene anga!" anatero Maggie.

"Nanga a nyumba zachiwiri alibe alongo?"

"Nanga chithunzi cha ukwati anachiyang'aniranji?" anafunsanso Maggie.

"Chikumbumtima, mwana wanga. Amayang'ana onse."

Dyness anakhala pabenchi. Anadabwa kupeza kuti mpweya ukulowa bwino m'chifuwa mwake koyamba chichokereni Bennet. M'mafilimu a Nyumba Yachiwiri mumakhala kulira, kuponyerana zovala panja, ankhoswe kukhala pabwalo. Koma mwamunayo amakhala wamoyo mpaka kumapeto.

"Bola zimenezo," anatero motsitsa.

"Mlamu!"

"Ndati bola. Abwere naye mkaziyo. Ndimuluka tsitsi ndekha, ndidzamukoka pang'ono chabe. Koma abwere akuyenda ndi miyendo yake."

Maggie anasiya kuluka n'kuima pakati pa chipinda, manja m'chiuno. "Inu nonse awiri mwaiwala nambala naini. Khutu Pachitseko. Mwamva theka la nkhani, a NyaShaba aona theka la ulendo, ndiye wina wagula kale bokosi, wina waitana kale ankhoswe. Timawatukwana tsiku ndi tsiku anthu otere pakanemapa. Timati, 'Dikira amalize kulankhula, chitsiru iwe!' Lero zitsiruzo ndi ndani?"

"Taona mwanayu," anatero a NyaShaba, koma anaseka.

Dyness sanaseke. Ola la hutala linali litakwana. Anatuluka n'kuima pakhonde. Malole a matabwa anadutsa atatu, mapaini akununkha utomoni, koma onse anali a eni ake. Wani koloko inadutsa, kenako thuu. Ya Bennet, ya buluu ija, yolembedwa dzina la Esther pamwamba pa galasi lakutsogolo, sinaoneke. Anabwerera m'kati n'kuzimitsa kanema filimu ili pakati, ndipo palibe amene anadandaula.

Loweruka a NyaShaba anabweranso, ati tsitsi lina lamasuka kumbuyo, ngakhale Maggie atafufuza sanapeze pomasuka. Kanema anali chizimire. Dyness anali atangowerama kutola kapu yake ya tiyi pamene kunja kunamveka hutala. Kawiri.

Anaimirira kapu ili m'manja.

Lole ya buluu sinadutse. Inapatuka pang'onopang'ono, yodzaza matabwa, n'kuima patsogolo pa golosale. A NyaShaba anali oyamba kufika pakhomo, khosi litatalika, kusuzumira mpando wa pambali pa dalaivala. Panalibe munthu, koma jekete ndi botolo la madzi.

Bennet anachedwa kutsika. Anaoneka akuchotsa kanthu kumaso n'kukabisa m'thumba la malaya. Kenako anatsika, miyendo iwiri, manja awiri, n'kuwoloka kangalande ka pakhonde mosamala ngati munthu woponda pamalo achilendo.

Apo m'pamene kapu inapulumuka. Inagwa pasimenti n'kusweka pakati, tiyi n'kumwazika mpaka pa nsapato za Bennet. Onse anayang'ana pansi. Kenako anayang'ana Bennet, amene anali chiimire, wamoyo, akupukuta nsapato ndi kumbuyo kwa mwendo wa buluku.

"Nambala faifi, Mbale Yogwa, yanama," anatero Maggie.

Dyness anafuna kukalipa, koma mawu anatuluka aang'ono. "Foni yanu ili kuti?"

"Ndinaisiya m'lole ku Chikangawa. Ndaipeza yatha moto."

"Ku Mzuzu mumakatani?"

Bennet anayang'ana a NyaShaba, ndipo anamvetsa kumene nkhani yadzera. "Ndinali pamzere. Lachinayi lonse. Dzulo anati ndibwerenso masana."

"Mzere wa chiyani? Mwabwera tsopano. Munati mundiuza mukabwera."

"Pali anthu."

"Anthu amenewa akuikani kale m'manda, akukwatitsaninso kachiwiri. Nenani pompano."

Bennet anapuma mozama. Dyness anaona timizere tiwiri tofiira pamphuno pake, uku ndi uku, timene panalibe Lachitatu.

"Za ku Manyamula zija tisiye kaye," anatero Bennet. "Makiyi sindikusiya. Ndimaganiza kuti zimene zinawachitikira adada zandipeza, kuti chaka chamawa muzindigwira dzanja popita kutchalitchi. Miyezi inayi ndakhala nazo ndekha. Abwana ndi amene anati ndisasiye ntchito ndisanapite kukaonetsa." Analowetsa dzanja m'thumba, n'kuimanso. "Ndapota, musaseke. Makamaka iwe, Maggie."

"Ine? Ndinayamba ndakusekanipo liti, achimwene?"

Dyness anatsamira chitseko. Mantha a masiku anayi anali kutsika ngati madzi a m'beseni lobooka. Anaganiza za kope lija, mayina makumi anayi ndi limodzi, ndipo panalibe ngakhale limodzi la mwamuna wamanyazi amene akuopa kuuza mkazi wake kuti wakula.

Bennet anatulutsa kanthu kaja n'kukavala. Maggie anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, mapewa akugwedera. A NyaShaba anati, "Yewo, a hedimasitala!" Bennet analowa mu saluni, n'kupita pa chithunzi cha ukwati chimene chinali chikhotere kuyambira Lachitatu, n'kuchiwongola. Anachiyang'ana kamodzi kokha, ali chapatali.

"Kani unavala ndolo tsiku lija," anatero.

Maso a Bennet anali atayamba kuchita chifunga, moti nkhope za anthu ndi zikwangwani za pamsewu sankaziona bwino. Anapita ku Mzuzu kukapimitsa, ndipo madokotala anapeza kuti sakuchita khungu ngati mmene anachitira bambo ake. Chimene ankabisa m'thumba la malaya anali magalasi a maso.