Dzina Langa, Nkhope ya Balbina

Woyamba kundiuza anali Raimundo, motorista woyendetsa kamiyau, chigalimoto cha katundu, amene amadya kwa ine akamadikira kuwoloka mlatho. Ndinali kutembenuza nsomba m'mafuta pamene anandiyandikizira telefoni kumaso.

"Dona Tomásia, bwanji simunatiuze kuti mumayendetsa?"

"Kuyendetsa chiyani?"

"Kamiyau. Dzulo mwanyamula malasha kuchoka ku Moatize mpaka ku Beira, osagunda ngakhale mbuzi."

Ndinapukuta manja n'kuyang'ana. Pagalasipo panali kachithunzi kakang'ono ngati chikhadabo, mutu wa mayi wovala duku lobiriwira. Pansi pake analemba kuti Tomásia, Chingodzi. Dzinalo ndi langa, ndipo ku Chingodzi ndiko ndimakhala. Koma nkhopeyo inali ya Balbina, mkazi wachiwiri wa malemu mwamuna wanga Agostinho. Ine ndi Balbina timapatsana moni pamaliro pokha.

Raimundo anafotokoza, ine osamva bwino. Akuti pali masewera a pa komputadori, munthu amakhala mwini makamiyau n'kumalemba ntchito oyendetsa. Oyendetsawo onse anali azungu. Ndiye mkamwini wanga Dino amachotsa nkhope zawo n'kujambulamo za anthu a kuno ku Tete, ndipo aliyense wofuna amazitenga pa intaneti. Zimenezo akuti ndi modi.

"Nkhope sanaikhoze kwenikweni," anatero Raimundo, "wakunenepetsani masaya. Koma mumagwira ntchito, mayi. Simupempha tchuthi."

Ndinasiyira mnzanga wa pambali chiwaya, ndinakulunga m'pepala nsomba ziwiri za mwana wanga Gizela, n'kukwera txopela, kanjinga kamoto ka mawilo atatu, kupita kwawo ku Mateus Sansão Muthemba.

Dino ndi wa ku Tsangano, ndipo mwambo amausunga kuposa ansembe. Chikwatirireni Gizela sanandiyang'anepo kumaso. Tikakumana panjira amakhotera kumbali ngati waona njuchi. Tsikulo atangomva mawu anga pakhomo anathawira kuchipinda, n'kutsitsa nsalu ya pachitseko.

"Takulandirani, amayi," anatero ali kuseri kwa nsalu.

Ndinamuuza Gizela kuti atsegule makina a Dino andionetse. Nkhope zinali m'mizere ngati mazira m'thireyi. Ndinazindikira wometa tsitsi wa pamsika, mlamu wake wa Dino, ndi Gizela yemwe. Onse anali eni ake. Gizela atafika pa dzina langa anagwira pakamwa.

"Dino! Awa ndi mai Balbina!"

Mawu a Dino anatuluka kuseri kwa nsalu.

"Si amayi?"

"Amayi ake a ndani?" ndinafunsa.

"Pepani, amayi. Ndinatenga pa foto ya ukwati wathu. Ndinasankha amene anaima pambali pa abambo."

Apo ndinamvetsa pang'ono. Pa ukwatiwo amayi tonse a kuchikazi tinavala kapulana imodzi, chitenje chofanana, ndi duku limodzi. Pojambula foto ine ndinali kuseri kukangana ndi ophika za mpunga, Balbina n'kudziimika pafupi ndi Agostinho ngati mtengo wa bendera. Ndipo popeza nayenso ndi apongozi, Dino sanamuyang'anepo. Kwa iye tonse awiri tinali mapazi ndi mawu.

"Ndiye unakhala pansi kuyang'anitsitsa nkhope ya Balbina?"

"Ndinkayang'ana ndi diso limodzi, amayi. Ndinkapepesa."

"Kupepesa kwa ndani?"

"Kwa inu."

Gizela anathawira kukhonde kukasekera kumeneko. Ine sindinaseke. Balbina anatenga kale mwamuna, anatenga theka la malata, tsopano akuyendayenda m'misewu ndi dzina langa, anthu n'kumamuyamikira kuti ndi wolimbikira ntchito.

"Uchotse. Uikepo ine."

Dino anati achita lero lomwe, Gizela angondijambula pa telefoni. Ndinakana. Foto inamunamiza kale kamodzi. Komanso iye mwini anavomera kuti foto payokha sikwanira. Ukaichepetsa kufika pa kachikhadabo kaja, nkhope imasanduka phala. Amayenera kuijambulanso ndi dzanja, kadontho ndi kadontho, kusankha chimene chimapangitsa munthu kukhala iyeyo, zina zonse n'kutaya.

Tinayesa njira ya pakati. Dino anatuluka chobwerera m'mbuyo, n'kukhala pa makina atandifulatira. Gizela anaima pakati kumandiyang'ana n'kumamuuza.

"Mphuno yapakatikati. Maso, ee, maso abwinobwino. Masaya ngati anga koma akale."

"Akale bwanji?" ndinatero.

"Ogwa pang'ono, mama."

Chimene chinatuluka pagalasi sichinali ine, sichinali Balbina. Chinkafanana ndi bambo wina amene ankagulitsa makala ku Matundo.

"Tembenuka," ndinatero.

"Amayi, sizitheka. Kwathu zimenezi zimafuna nkhuku. Apongozi amapereka nkhuku, amalume akhalepo, ndiye manyazi amatha."

"Amalume ako ali ku Tsangano. Balbina ali pa msewu wa ku Beira."

Ndinatsegula pepala lija n'kuika nsomba patebulo, pafupi ndi dzanja lake.

"Nayi nkhuku yako."

"Iyi ndi nsomba, amayi."

"Ndaona. Ndakazinga ndine."

Anafunsa Gizela ngati nsomba imaloledwa. Gizela anati iye anabadwira ku Malawi pa nthawi ya nkhondo, za miyambo anazimvera m'kalasi. Dino anaimbira amalume ake, telefoni osalowa. Anaimbira mkulu wake, amene anati sanamvepo za nsomba koma sanamveponso kuti n'zoletsedwa. Ineyo sindinkadziwa. Kwathu ku Angónia ndinachokako ndili mtsikana, ndipo amayi anga anamwalira akubisalabe kuseri kwa nkhokwe akaona akamwini awo.

Dino ananyema kachidutswa ka nsomba, anatafuna nthawi yaitali, kenaka anatembenuza mpando.

Ndinkaganiza kuti angoyang'ana kamodzi n'kugwetsa maso. Ayi. Anayang'ana ngati mmisiri amene akuyeza khoma. Anapendeketsa mutu, anatsinzina diso limodzi, anandipempha kuti nditembenukire kuwindo. Thukuta linkatsika m'khosi mwanga, feni ikungozunguza mphepo yotentha. Palibe mwamuna anandiyang'anapo motero, ngakhale Agostinho pamene ankandifunsira.

"Nsidze yakumanzere ndi yokwera," anatero, osati kwa ine, koma kwa makina ake.

Atamaliza anachepetsa chithunzicho mpaka chinakhala kachikhadabo. Ndinawerama. Panali nsidze yokwera ija, mzere wozama pakati pa maso, ndi pakamwa potsekedwa zolimba.

"Bwanji wandijambula nditakwiya?"

"Simunakwiye, mama," anatero Gizela. "Ndi mmene mumakhalira."

Ndinayang'ananso. Sindinganene kuti ndinakondwa, koma mayi ameneyo palibe akanamutcha Balbina.

Dino anadinadina, n'kunena kuti yatsopano yapita pa intaneti. Ndinafunsa ngati yakale ija yafufutika.

"Kwa amene atenge kuyambira lero, inde. Koma amene anatenga kale ali nayobe, pokhapokha atafuna okha kusintha."

"Ndi angati?"

"Ambiri, amayi. Ena ali ku Nampula, ena ku Brasil."

"Ndiye pali a Tomásia awiri pamsewu?"

"Kwa kanthawi."

Ndinayesa kuganiza za munthu wa ku Brasil amene akutuma Balbina ku Beira pomutchula dzina langa, mutu unangozungulira. Ndinamuuza kuti Raimundo yekha ndimukakamiza mawa kuti asinthe, apo ayi akadye kwina.

Ndinanyamuka kuti ndizipita. Dino anaimirira nane, osathawira kuchipinda, osakhotera kumbali.

"Amayi, musanapite mumwe madzi ozizira," anatero, maso ake ali pa ine, poyera, ngati munthu ndi mnzake.

Ndinafuna kumuyankha, koma ndinapezeka ndikuyang'ana pansi, pa simenti.

"Gizela," ndinatero, "uwauze amuna ako kuti ndamwa kale."