Dzanja Lanjenjemera

Wokonza mawotchi anamwalira Lachiwiri pa 11 Malichi, 7 koloko itangodutsa, m'kachipinda kake kogwirira ntchito. Anaikidwa m'manda Lachinayi. Lachisanu, mwana wake wamkazi ankayenera kupereka pepala la kumapeto kwa temu ku yunivesite isanakwane 4 koloko madzulo, apo ayi abwereza chaka.

Pepalalo linali la masamu ofotokoza momwe zinthu zoyenda zimasinthira ndi nthawi. Bambo ake anamupangira pendulamu yolendewera ya timikono tiwiri ta chitsulo tolumikizana. M'mawa uliwonse, kuyambira pa 12 Febuluwale, bamboyo ankaikweza kufika pachizindikiro chimodzimodzi, n'kuisiya, n'kulemba m'kope masekondi amene apita kamkono kam'munsi kasanatembenuzike. Awiriwo anagwirizana masiku 28. Kopelo linali m'kachipindako, kiyi ali ndi mchimwene wamkulu wa mtsikanayo.

"Achimwene, ndibwerekeni kiyi. Ndingotengamo kope."

"Dothi silinaume n'komwe pamanda, iwe uli pa sukulu."

"Ndatsala ndi maola asanu."

"Mwamva, azakhali? Wophunzira wathu akuwerenga maola."

Azakhali awo, amene ankapinda nsalu pampando, sanadzutse mutu. "Ngakhale kumanda ankangoyang'ana foni. Misozi yake inathera m'mabuku."

"Ndinkapempha lekichala kuti andiwonjezere masiku. Anakana."

"Wachita bwino," anatero mchimweneyo. "Munthu wodwala mtima kumudzutsa tsiku ndi tsiku chifukwa cha chidole! Ndinawapeza ndine, atagwa pansi pa chinthu chakocho, chikugwedezekabe."

"Kuti akudwala munadziwa liti? Inu mumagona nyumba ino. Ine ndinali kusukulu."

Mchimweneyo anapisa dzanja m'thumba. Kenako anatulutsa kiyi, koma sanamupatse. Anatsekula yekha, nalowa patsogolo ngati mlonda.

Mawotchi a pakhoma anali akuyendabe, kupatulapo awiri. Kope linali patebulo, pensulo ili pakati. Mchimweneyo analitenga.

"Tiyeni timve nzeru zimene zatiphera bambo. Tsiku loyamba, masekondi 9. Lachiwiri, 23. Lachitatu, 6. Zamisala! Chinthu chimodzi, poyambira pamodzi."

"Nkhani yake ndi yomweyo. Kungosiyana poyambira ngati tsitsi limodzi, mathero amasiyana kutali."

Mchimweneyo anapitiriza kutsegula masamba. Anali atafika pa 24 Febuluwale. Pambali pa nambala panali mawu ang'onoang'ono a pensulo. Anawawerenga motsitsa: "Dzanja lanjenjemera. Usaikhulupirire iyi."

Anatsegula tsamba lina. Pa 27, mawu omwewo. Pa 1 Malichi, pa 2, pa 4. Kuyambira pa 6 anali tsiku lililonse. Patebulo lodyera, bamboyo sanatchulepo za dzanja lake ngakhale kamodzi.

"Masiku khumi," anatero mchimweneyo atawerenga ndi chala. Anakhala pansi pampando wa bambo awo. "Ndinkadya nawo tsiku lililonse."

Mlongo wake anatsegula laputopu pakati pa timasikuluwu ndi magalasi a mawotchi.

"Ndiwerengereni kuyambira pamwamba. Ndi mawuwo omwe."

"Sindikuchitira iwe," anatero, nayamba.

Anafika pamzere womaliza 1 koloko itakwana. Pa 11 Malichi bamboyo analemba deti, nthawi, ndi kuti dzanja lakhazikika bwino lero. Malo a masekondi anali opanda kanthu.

"Apa tilembapo chiyani?" anafunsa mchimweneyo.