Nkhoswe Yafika pa Ngolo

"Bambo a Tawonga, mwazimitsanso injini?" anafunsa Esitere, tambala ali pamiyendo.

"Potsetsereka galimoto imayenda ulele, mayi. Mafuta ndi okwerera chitunda," anayankha Kizito, mwamuna wake, akumwetulira.

Ankachokera ku Mayani kupita ku Linthipe, kuchinkhoswe cha Samuel, mwana wa mlongo wake wa Kizito. Nkhoswe yaikulu inali Kizito yemweyo, ndipo popanda iye ndi tambalayo akuchikazi sakanayamba mwambo.

Khalidwe lozimitsa injinili Kizito analitengera pa chilole chakale chonyamula matabwa ku Phiri la Dedza. Kumeneko ankati akafika potsetsereka, giya pa fili, kiyi n'kuzimitsa, lole n'kumadziyendera. Koma tsopano anali ndi kagalimoto kosintha kokha magiya, ndipo Mustafa, makaniko wake, anali atatopa n'kumuletsa. Kizito ndi malangizo, madzi ndi mafuta.

Atayandikira pokhota anaponda buleki, koma inali gwa ngati mwala. Chiwongolero nacho chinalemera. Mtima uli m'mwamba, analiza injini msangamsanga n'kulowetsa giya galimoto ili pa liwiro. Pansi panamveka gugudu! Anakhota bwinobwino, koma atafika kudambo galimoto inaima. Injini inkalira, matayala osasuntha, fungo la chopserera lili ponseponse.

Thukuta lili kamukamu, anaimbira Mustafa.

"Achimwene, si ndinanena?" anatero Mustafa pafoni. "Injini ikazima, oyilo sazungulira m'giyabokosi. Miyezi yonseyi mwakhala mukukazinga magiya pamphika wouma. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu."

Kizito anachita manyazi zedi, komanso mantha. Samuel anali ataimba kale kuti akuchikazi ayamba kunyinyirika. Msewu unali zii, kupatula ngolo ya kabichi ya a Timoteyo, mlimi wa m'dambomo, yomwe inkalowera ku msika wa Linthipe.

"Kwerani, bwana, bola musandiphwanyire kabichi," anatero a Timoteyo.

Kizito anakwera ndi suti yake, tambala m'khwapa, Esitere pambali pake. Ngolo itafika potsetsereka, Esitere anamukodola.

"Bambo a Tawonga, auzeni azimitse ng'ombezo, tisunge udzu."

A Timoteyo anaseka mpaka kugwetsa chikwapu. Kizito anayesa kulimbitsa nkhope, koma naye kuseka kunamutulukira.

Anafika dzuwa litapendeka, akuchikazi ena atapinda kale mphasa. Samuel anali ataima pamsewu, maso ali psuu. Azimayi ataona nkhoswe ikutsika pamwamba pa kabichi, tsamba litamatirira kumbuyo kwa thalauza, nthungululu inasanduka phwete.

Malume ake a mtsikana, omwe anali atakonza mawu owawa, anamuyang'ana Kizito kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Tinati mwatinyoza," anatero. "Koma munthu wokwera ngolo ndi suti chifukwa cha mwana wa mlongo wake, banjali likadzavuta sadzathawa. Yalaninso mphasazo, tilandire tambala."

Samuel anapukuta m'maso, n'kukakhala pansi pafupi ndi malume ake, Kizito.