Waya Wopaka Penti

Idesi anazindikira vutolo tsiku lomwe makina atsopano owotcherera zitsulo anafika. Anali atagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri pa shopu ya a Kenneth ku Nathenje, yopikulitsa makina owotcherera, odulira ndi oboolera zitsulo, ndipo manja ake ankadziwa kulemera kwa makina aliwonse. Awa anali opepuka. Atatsegula amodzi n'kupala waya wa m'kati ndi msomali, penti yofiira inachoka, pansi pake panayera. Sanali kopa, mkuwa wofiira woyenera makina otere. Anali aluminiyamu, amene amatentha msanga n'kupsa miyezi itatu isanathe.

Anawauza a Kenneth. Iwo anati pa katoni palembedwa kuti kopa, ndipo ntchito yake ndi kunena zimene zili pa katoni. Anawonjezera kuti atsikana ofuna ntchito ali mbwee pa siteji ya maminibasi. Idesi anabwerera ku ntchito yake. Ntchito imeneyi ndi imene inkagulira mayi ake mankhwala a shuga. M'mawa uliwonse akamatsegula chitseko, ankapemphera kuti pasabwere munthu wofunsa za makinawo.

Lachinayi kunabwera amisiri anayi a ku Mitundu pa lole yahayala. Anali atasonkherana kuti agule makina asanu ndi amodzi, popeza nyengo yokolola inali itayandikira ndipo alimi ankafuna ngolo. Wowatsogolera anali a Gilibati, mmisiri wa imvi amene sankafunsa mtengo wa chinthu asanafunse za mayi ake a Idesi. Anamupatsa Idesi kapepala ka mtedza wokazinga monga mwa nthawi zonse.

A Kenneth anawalandira ndi nthabwala, akuti ngolo za ku Mitundu zimalira kuposa ng'ombe zozikoka. A Gilibati anabweza kuti zimalira chifukwa cha ndodo zowotcherera zimene amagula pa shopu pomwepo. Onse anaseka. Kenako a Gilibati anagwira katoni imodzi, n'kutembenukira kwa Idesi.

"Mwana wanga, katoni sitimaifunsa ife. Timafunsa inu. Ndi a kopa amenewa?"

Idesi anayang'ana kapepala ka mtedza kali m'manja mwake. Anaika kapepalako pa tebulo.

"Si a kopa, bambo."

A Kenneth anaseka mokakamiza. Anati mtsikanayu watopa, ndipo za magetsi sazidziwa. Idesi anakoka sikelo yoyezera misomali n'kuiika pakati pa shopu. Anakwezapo makina akale amodzi amene anatsala pakona: makilo makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Anawatsitsa n'kukwezapo atsopano, ofanana kukula: makilo makumi awiri ndi anayi. Kenako anamasula chivundikiro n'kupereka msomali kwa a Gilibati.

A Gilibati anapala wayayo pang'onopang'ono. Anzawo anawerama kuti aone. Pansi pa penti panayera, ndipo mmodzi anaimba likhweru chapansipansi.

"Siya makiyi a shopu pa tebulopo," anatero a Kenneth.

Idesi anavula chingwe cha makiyi m'khosi mwake n'kuwaika bwinobwino pafupi ndi sikelo.

"Makiyi ndi anu, bwana. Koma pakamwapa ndi panga. Ndimapempherera pomwepa."

A Kenneth anati akapepesa pamaso pa makasitomala n'kunena kuti analakwitsa, nkhani ithera pomwepo. Idesi anati sanalakwitse, ndipo sikelo sanaipange ndi iye. Anatenga chitenje chake ndi mtedza uja, n'kutuluka.

Kunja dzuwa linali litakwera. Anaima m'mphepete mwa msewu akuganiza zoti akawauza chiyani mayi ake. Mankhwala anali atatsala a masabata awiri.

Lole ija inaima pafupi naye ilibe katundu. A Gilibati anatsika. Anati akupita m'tauni kukafuna makina kwina, koma pa anayi onsewo palibe amene angadziwe kopa makina asanatsegulidwe. Anamufunsa ngati angawaperekeze. Anati ntchito yokhazikika alibe yoti amupatse, asamunamize. Ndi ya lero lokha.

Idesi anati ya lero ikwanira lero. A Gilibati anapukuta mpando wakutsogolo ndi chipewa chawo, iwo n'kukwera kumbuyo ndi anzawo. Lole itanyamuka, Idesi anatsegula kapepala kaja n'kugawirako dalaivala.